Mmene ndinasungira mfundo ya malemu Zuze pa khoka la nkhanu

Chaka choyamba pa ntchito, ku Petauke

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete ndazilumpha dala. Azakhali anu amazifotokoza bwino kuposa ine, ndipo amathiramo ndi zina zimene sizinachitike n'komwe. Ine ndiyambira pa tsiku limene ndinavala nsapato za ntchito. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri pamene ndinalembedwa ukalaliki pa depoti yogula chimanga ndi mtedza ku Petauke. Bwana wanga woyamba anali a Chirwa, munthu wamfupi koma mawu awo ankamveka kumsika iwo ali mu ofesi. Tsiku loyamba anandipatsa bolopeni, buku ndi mpando wothyoka mwendo umodzi, nati, "Iwe Mbewe, chimene walemba na dzanja lako chizakulondola mpaka kumanda. Osasaina chinthu chimene sunaone na maso." Ndinavomera mwaulemu, ngakhale mumtima ndinkangoganiza za mmene ndikhalire pampandopo osagwa. Chaka chimenecho masaka anasowa. Alimi ankadikira ndi ngolo zawo kunja kwa mpanda masiku atatu, ife n'kumathira chimanga pa matenti, ndipo mbuzi za m'tauni yonse zinanenepa ndi chimanga cha depoti. Ntchito yanga yeniyeni miyezi iwiri imeneyo inali kuthamangitsa mbuzi nditavala tayi.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, kufupi ndi Minga

Kenako anandisamutsira ku depoti yaing'ono kufupi ndi Minga, kumene ndinali kalaliki, woyeza pa sikelo ndiponso wosesa. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi amayi anu. Anabwera kudzagulitsa mtedza wa makolo awo, n'kunditsutsa pamaso pa anthu kuti sikelo yanga ikunama. Ndinakwiya, tinabwereka sikelo ina kusitolo, ndipo zinapezeka kuti iwo ndiwo ankanena zoona. Ndinaona kuti munthu wotere ndi bwino kukhala naye mbali imodzi, choncho chaka chotsatira tinakwatirana kutchalitchi cha pamishoni. Tinakhala kumeneko zaka khumi ndi zitatu, ndipo nonse asanu munabadwira pachipatala cha pomwepo. Madepoti atatsekedwa ndinabwerera kunyumba ndi njinga, kalata yondiyamikira, ndi ana ofuna yunifomu. Ndinayesa kulima thonje, koma thonje ndi ine sitinamvane.

Chaka choyamba pa famu ya nkhanu, ku Nyimba

Ndinamva kutchalitchi kuti a Mwanza, injiniya wopuma pa ntchito, akumba maiwe m'mbali mwa kamtsinje pa njira yopita ku Mwape, ndipo akufuna kapitawo wodziwa kulemba komanso wosamwa. Kulemba ndinkadziwa, za kumwazo tinagwirizana kuti Lamlungu masana siliwerengedwa. Ndinkayesa kuti akuweta nsomba. Nditafika ananditengera padziwe, n'kukweza tayala lakale m'madzi, ndipo zimene zinatuluka m'tayalamo zinandibweza m'mbuyo mapazi atatu. Sizinali nkhanu zathu za m'mitsinje zoyenda chammbali zija. Izi zinali zazitali, za mchira wonenepa, ndi zala ziwiri zofiira zopanira kutsogolo. Anthu a m'midzi yozungulira ankazitcha zinkhanira za m'madzi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wozidya. A Mwanza ankazigulitsa zamoyo ku mahotela a ku Lusaka, makamaka Khirisimasi ikayandikira. Amayi anu anandichenjeza tsiku lomwelo kuti ndikadzalowetsa chinthu chimenecho mu poto wawo, ndidzagule wina. Sanafunikire kubwereza, chifukwa ineyo ndinkaziopa kuposa iwo. Ntchito yanga ndinkagwirira pamtunda, nsapato kuphazi, buku m'manja, ambulera kumutu.

Kuweta sikunali kovuta. Tinkazipatsa gaga ndi zotsala za soya, n'kuziponyera matayala ndi zidutswa za mapaipi zobisalamo. Vuto linali pokolola. Dziwe limaphwetsedwa pang'onopang'ono masiku angapo, kenako anthu amalowa m'mamawa ndi khoka, n'kutola zotsala m'matope ndi manja dzuwa lisanatenthe. Ntchito imeneyi imafuna anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo nthawi yake ndi Novembala ndi Disembala, pamene mvula yoyamba ikugwa. Chaka choyambacho ndinalemba anthu makumi awiri Lolemba. Lachiwiri mvula inagwa. Lachitatu kunabwera atatu, ndipo mmodzi mwa atatuwo anangobwera kudzatenga khasu lake limene anaiwala. Nditamugwira pamkono anandiyankha kuti, "Bambo Mbewe, nkhanu ni za a Mwanza, munda ni wanga. Ana anga sazadya Khisimisi ya ku Lusaka." Sindinamuimbe mlandu, chifukwa tsiku lomwelo amayi anu ndi inu nonse munali kumunda kwathu mukubzala. Zaka ziwiri zinatha choncho, theka la nkhanu likufera m'matope, a Mwanza akuonda.

Chaka chachitatu pa famu: anthu a kutsidya

Nzeru inachokera kwa mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, mmodzi mwa mabanja amene anathawa nkhondo ku Mozambique n'kukhazikika kuno. Anatiuza kuti abale ake a m'mbali mwa mtsinje kutsidya kwa malire amangokhala manja lende nthawi ya mvula, chifukwa madzi akasefukira sapha nsomba, ndipo ulimi wawo ndi wa m'madimba madzi akaphwa. A Mwanza analumpha ndi chimwemwe. Ine ndinawakumbutsa kuti walira mvula walira matope, pakuti mlendo sagwira ntchito m'dziko la eni popanda pemiti, ndipo matopewo anagwera ine. Chaka chilichonse mu Ogasiti ndinkasonkhanitsa maina ndi zithunzi, n'kulemba kalata yofotokoza chifukwa chake anthu a kuno sakupezeka, n'kukwera minibasi kupita ku ofesi yoona za anthu olowa m'dziko. Ndinkapita ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu, mpaka makondakitala anayamba kundifunsa ngati ndakwatira kwina. Pemiti inali ya miyezi inayi, ndipo lamulo lake linali losavuta kumva: pepala limodzi, dzina limodzi, nkhope imodzi.

Anabwera amuna khumi ndi awiri, mtsogoleri wawo a Bastiyao, munthu wakhungu lokhakhala ndi dzuwa, wosakonda kuwononga mawu. Anabwera ndi khoka lawolawo. Pa chingwe chake panali mfundo khumi ndi ziwiri, iliyonse ndi kansanza ka mtundu wake, ndipo munthu aliyense ankagwira pa mfundo yake, osasintha. Anandifotokozera kuti mfundo si ya munthu, ndi ya nyumba. Kwawo nyumba zofuna kubwera zinali zambiri, ndiye anagwirizana kuti nyumba iliyonse isunge mfundo yake chaka ndi chaka. Koma mfundo ikasowa woigwira pa kukoka koyamba kwa chaka, imachoka m'nyumbamo n'kupita kwa ena odikira. Anthu aja akalowa m'dziwe ankayamba nyimbo, khoka likuyenda ngati munthu mmodzi, ndipo ikamakwana naini koloko mabokosi anali atadzaza, titawafunditsa masaka onyowa. Ndinali ndisanaonepo ntchito yokongola chotero.

Pa mfundo yachitatu, mbali yakuya ya dziwe, pankagwira a Zuze. Anali mkulu wa dazi losalala, mano awiri okha m'kamwa, ndipo kuseka kwawo kunali kosasamala za manowo. Ananditcha bwana Nsapato. Kawiri konse anandiikira nkhanu mu ambulera, ndipo tsiku lina ndinaipeza m'thumba la jekete ndikufuna bolopeni. Ndinaopseza kuti ndiwachotsa ntchito, iwo anati, "Mukanichotsa, ambulela yanu izasungulumwa." Ndinkawakonda mkulu ameneyo, ndipo Novembala akamayandikira ndinkayembekezera phokoso lawo. Zaka zisanu ndi chimodzi zinayenda bwino. A Mwanza ananenepanso, anakumba maiwe ena, ndipo anandilonjeza kuti akadzatopa ndidzakhala manijala.

Chaka chachisanu ndi chinayi pa famu, Novembala

Chaka chimenecho mapemiti anatuluka nthawi yabwino, onse khumi ndi awiri ali mu envulopu m'jekete langa. Lolemba ndinapita ndi lole ya pa famu kukawachingamira pa siteshoni ya Nyimba. Monga mwa nthawi zonse ndinawaika pamzere n'kumaitana maina. Nditaitana kuti "Zuze!" kunayankha mawu amphamvu, "Nilipo, bambo kapitao!" Ndinakweza maso. Patsogolo panga panaima mwamuna wamtali wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, tsitsi lodzaza mutu, mano onse ali mbee. Ndinayang'ana chithunzi, ndinayang'ana munthu, ndinayang'ananso chithunzi.

"Imwe ndimwe ndani?" ndinafunsa.

"Ndine Zuze," anayankha modekha.

"A Zuze amene niziwa ine alibe tsitsi."

A Bastiyao anavula chipewa, ndipo ena onse anavula zawo. Anandiuza kuti mkulu uja anadwala chifuwa mu Seputembala, zithunzi zitatumizidwa kale, ndipo anamwalira sabata isanathe. Miyambo ya maliro itatha, banja linakhala pansi n'kupereka dzina kwa mwana wa mlongo wawo, pamodzi ndi bwato, khasu, udindo wosamalira amayi amasiye ndi ana, ndiponso mfundo yachitatu. "Uyu ni Zuze," anatero a Bastiyao. "Kale anali Alimando. Lomba ni Zuze." Sankandinamiza ayi. Kwa iwo nkhaniyo inali yowongoka, ndipo ine sindikananamizira kuti sindikuimva, chifukwa kwathu ku Katete nakonso dzina la malume limalowedwa ndi mphwake. Munthuyo anali atalowa pachipata cha malire bwinobwino, ndi chiphaso chake cha mlendo wodzacheza, cholembedwa kuti Alimando. Pemiti ya ntchito ankayembekezera kuipeza kwa ine, popeza inali ya Zuze ndipo Zuze anali iye. Ndinakhala pa tayala la lole n'kulira pang'ono mkulu wanga wa dazi, anthu a pa siteshoni akundiyang'ana.

Titafika pa famu ndinapeza kuti a Mwanza anatsegula kale paipi ya dziwe lalikulu dzulo lake, ndipo lole ya ogula inali kubwera Lachisanu. Kubweza madzi kunali kosatheka. Kamtsinje kanali kasanadzaze, ndipo pampu inali itakhala mwezi wathunthu ikudikira chitsulo chochokera ku Lusaka. Madzi akachepa dzuwa likuswa mtengo, nkhanu zimafa, zina zimakwera pamtunda n'kumayenda kupita kuthengo. Ndinawafotokozera bwana za Zuze watsopanoyo. Anaganiza kanthawi, kenako anati, "Mumuveke chipewa, ndipo mumuuze asaziseka. Chithunzi ni chakuda ichi, palibe azaona." Ndinaseka, koma iwo sankaseka. Ndinawakumbutsa kuti a ofesi amabwera kudzayendera kamodzi pa nyengo osalengeza, ndipo buku la antchito ndimasaina ndine m'mawa uliwonse. Anati zaka zonsezi palibe amene anayang'anitsitsa nkhope ya munthu wa matope mpaka m'makutu. Ndinapita kwa a Bastiyao kukafunsa ngati angakoke khumi ndi mmodzi okha. Anapukusa mutu, n'kukana ndi "lini" wa kwawo, amene ndi "ayi" wathu. "Khoka la mfundo yamasiye tikoka lini. Akachoka Zuze, tonse tikhala pansi."

Lachiwiri masana ndinapalasa njinga kupita kumunda, kumene amayi anu ankabzala mtedza. Ndinawafotokozera zonse iwo osaleka kubzala. Ndikalola Alimando agwire ntchito ndi pepala la womwalira, dziwe lipulumuka, bwana akondwa, nyumba ziwiri zimene munthuyo wasenza zidya. Koma zikadziwika, iye amangidwa, anzake onse abwezedwa kwawo, ndipo famu siidzaloledwanso kuitana munthu wa kutsidya. Ndikamubweza, khoka silikokedwa, nkhanu zifa, mfundo ichoka m'nyumba ya a Zuze, ndipo ine mwina ntchito ithera pomwepo. Amayi anu anawongoka, n'kupukuta manja pachitenje. "Mukamangidwa, ine nizakubweletselani chakudya kawili chabe," anatero. "Koma imwe muzatuluka, muli kwanu. Uja wa nyumba ziwili akamangidwa m'dziko la eni, azamupelekela ndani?" Anandipatsa mbewu m'manja kuti nditsirize mzere, popeza ndabwera kale.

Lachitatu m'mawa ndinauza a Mwanza kuti ndikupita ndi Alimando ku ofesi kukanena zoona. Anandiperekeza ndi mawu mpaka pageti. "Mbewe, dziwe ili likafa, na ntchito yanu yafa!" Ndinali ndi mantha, sindibisa. Mu minibasi Alimando anagwira kachikwama kake pamaondo ulendo wonse. Ku ofesi tinapeza wogwira ntchito pamenepo, amayi Zulu, amene ankandidziwa bwino chifukwa cha maulendo anga. Ndinaika pemiti ya malemu patebulo n'kufotokoza. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana munthu, kenako anayamba kuseka mpaka anavula magalasi.

"Bambo, mano aya mwawapeza kuti?" anamufunsa.

"Ni anga, amai. Dzina ndiye nalandila."

Analeka kuseka n'kumupepesa za maliro. "Na ine dzina limene aniitana kumudzi n'nalowa la ambuya anga," anatero. "Mwambo niuziwa. Koma boma sililowa maina. Pepala ili linamwalila pamodzi na mwini wake." Anatiuza kuti abwerere kwawo, akatenge kalata yotsimikizira imfa ya malume ake, ndipo famu ipemphe pemiti yatsopano m'dzina limene lili pa chiphaso chake. Popeza mapepala athu anali oyera zaka zonsezo, anati zidzangotenga masabata anayi. Potuluka anandiitana ndekha nati, "A Mbewe, mukanamugwilitsa ntchito olo tsiku limodzi, lelo tikanakamba nkhani ina."

Panja, pokwerera mabasi opita kumalire, Alimando anatembenukira kwa ine. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Bambo kapitao, mawa akakoka khoka ine kulibe, mfundo ya amalume nizaipeza?" Ndinamuuza kuti adzaipeza. Sindinkadziwa kuti adzaipeza bwanji, koma pakamwa panga panayankha mutu usanaganize.

Lachinayi lake, m'bandakucha

Ndinafika padziwe kukungoyera. Amuna khumi ndi mmodzi anali atakhala pamtunda, khoka lili pambali lopindidwa. Madzi anali atatsika kwambiri, ndipo nkhanu zinali zitayamba kale kukwera m'mbali. Zina zinali zitagona chagada m'matope, zitafa ndi dzuwa la dzulo lake. A Mwanza ankayenda uku ndi uku manja kumbuyo, osandiyang'ana. Ndinakhala pansi pafupi ndi a Bastiyao n'kuwafunsa ngati wogwira mfundo ayenera kukhala wa magazi a nyumbayo basi. Anakambirana ndi anzawo m'chilankhulo chawo. "Mlendo angasunge mfundo," anatero pomaliza. "Koma avomele kuitanidwa na dzina la mwini, ndipo alowe m'madzi pa malo ake, mpaka mwini abwele." Ndinathamangira kwa anthu atatu a kuno amene anatsala pa famu. Atamva kuti ndi dzina la womwalira, ndiponso mbali yakuya, onse anakumbukira kuti ali ndi mutu. Ndinaima pamenepo n'kuzindikira kuti pa famu yonse patsala munthu mmodzi wosafunika pemiti, wopanda kothawira, amenenso analonjeza ndi pakamwa pake. Ndinapatsa a Mwanza buku ndi ambulera, n'kuvula nsapato.

Ana anga, matope a m'dziwe la nkhanu ndi ozizira, ndipo amayenda. Nditangoponda ndinamira mpaka m'ntchafu. Anandigwiritsa mfundo yachitatu, ya kansanza kofiira, ndipo a Bastiyao anafuula, "Zuze alipo?" Ndinachedwa kuyankha mpaka wa pambali panga anandigunda ndi chigongono. "Nilipo!" ndinatero. Nyimbo inayamba, khoka linanyamuka. Tisanayende mapazi khumi, china chake chinandipana chala chachikulu cha kuphazi, ndipo mfuu imene ndinakuwa ndikukhulupirira kuti inamveka ku Mwape. Anthu aja sanaime. Anangoika kukuwa kwanga m'nyimbo, "Koka Zuze, koka!" Ndinagwa kawiri, ndinamwa madzi amene sindifuna kuwafotokoza, koma chingwe sindinachisiye, chifukwa anali atandiuza kuti wosiya mfundo pakati pa dziwe waitaya. Titafika kutsidya khoka linali lolemera moti tinalikweza ndi maondo. Dzuwa likamayamba kutentha ndinali ndikutola nkhanu m'matope ndi manja anga, nditaphunzira kuzigwira pamsana, kumbuyo kwa zala zija. Chikhadabo cha kuphaziko chinachoka patatha sabata.

Lole ya Lachisanu inanyamula katundu, koma osadzaza. Tsiku limene tinataya ndi ulendo wa ku ofesi linapha nkhanu zambiri, ndipo hotela imodzi inasiya kugula kwa ife. A Mwanza sanandichotse ntchito, komanso sanaiwale. Patapita chaka umanijala uja anaupereka kwa munthu wina wochokera ku Chipata, ndipo ine ndinakhalabe kapitawo mpaka kupuma. Zinandiwawa kwambiri, ndipo miyezi ingapo ndinkapereka moni wa pakamwa pokha. Lero ndikaganiza ndimaona kuti nawonso anali ndi chifukwa chawo, pakuti nkhanu zinafazo zinali zawo, osati zanga.

Masabata anayi amenewo ndinali Zuze. Ndikabwera ndi buku m'mawa kudzaitana maina, ndinkadziitana ndekha n'kudziyankha, kenako n'kuvula nsapato. Ndikalamula kanthu monga kapitawo ankamvera, koma tikangolowa m'madzi ndinali wa mfundo yachitatu, ndipo a Bastiyao ankandikalipira ngati wina aliyense ndikakoka mopotoka. Malipiro a mfundoyo ndinauza bwana kuti asungire mwini wake. Pa chakudya cha masana ankandipatsa gawo la a Zuze, nkhanu zitatu zootcha pamakala ndi mchere ndi tsabola. Kukana kukanakhala kunyoza malemu, ndiye ndinatsinzina n'kuluma. Zinali zokoma, ana anga, ndipo amayi anu akumva izi koyamba m'buku lino. Anthu aja anayambanso kundiseka kuti tsopano ndili ndi mkazi kutsidya amene akundidikira. Nkhaniyo inafika kunyumba ine ndisanafike. Amayi anu anandilandira ndi madzi osamba nati, "A Zuze, mukauze mkazi mnzanga abwele anithandize kupalila, udzu wakula."

Disembala wa chaka chomwecho

Alimando anabwera kutatsala sabata kuti Khirisimasi ifike, pemiti yake m'manja, dzina lake la pa chiphaso, chithunzi chake mano onse ali panja. Anafika ife tili pakati pa dziwe lachinayi, ndipo anaima pamtunda mpaka tinatulutsa khoka. Anaona munthu wa matope mpaka m'khosi atagwira kansanza kofiira, ndipo sanandizindikire msanga. A Bastiyao anaitana onse kuti aime mozungulira. Ananditenga dzanja pamodzi ndi mfundo, n'kuika dzanja la Alimando pamwamba pake, nati, "Zuze wapeleka, Zuze walandila." Ine ndinachotsa dzanja langa, mumtima ndikuti basi, ndabwerera ku nsapato zanga. Koma munthu wamkulu uja anagwada m'matope momwemo, zovala zake za paulendo zili m'thupi, n'kuomba m'manja mothokoza. "Tatenda, amalume," anatero, misozi ikutsika. Ndinayesa kumudzutsa n'kumuuza kuti ine ndine Mbewe wa ku Katete, ndinangosunga chabe. A Bastiyao anandiletsa. "Dzina labwelela kwa mwini," anatero, "koma amene analinyamula m'madzi akhalanso lini mlendo." Ndinalira nawo.

Ndinagwiranso zaka zisanu ndisanapume, ndipo chaka chilichonse ndinkalemba dzina lake pa mndandanda wa Ogasiti. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa a Bastiyao mu Okutobala ngati onse a pa zithunzi akadali ndi moyo, funso limene palibe fomu imene inandiphunzitsa. Mwana wamkazi wa malemu atafuna kukwatiwa, anatumiza uthenga kuti nkhani siyamba amalume a ku Nyimba asanafike. Ndinatenga chiphaso changa, n'kuwoloka malire koyamba m'moyo wanga, ndipo anandikhazika pampando wa kutsogolo kuti ndifunse mkamwini mafunso. Mpaka lero nyengo ikayamba, Alimando amayamba wafika kuno asanapite ku famu, ndipo amayi anu amamuphera nkhuku.

Ndalemba zonsezi chifukwa ambiri a inu muli ku Lusaka ndi ku Kitwe, ndipo simumudziwa bwino. Tsiku langa likadzafika, kudzabwera anthu ochokera kutsidya, ndipo patsogolo pawo padzakhala mwamuna wamtali amene adzanene kuti ndi mphwanga. Musadzayang'anane, ndipo musadzamukhazike kwa alendo. Ndinamufunsa mwanthabwala ngati adzafune kulowanso dzina la Mbewe, iye anati awiri amene ali nawo amukwanira, ndipo maulendo a ku ofesi anamutopetsa. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti adzanyamule nawo bokosi langa. Ndinavomera m'malo mwanu, ndiye mudzamusiyire pogwira.